Mbendera ya Winfield

Port of Spain, Trinidad
Novembala 1942

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi Amayi. Bondo lija likukuvutanibe mukamakwera chitunda cha ku Belair? Mlongo wanga Ismay ali bwanji? Ndikhulupirira mvula yadzaza thanki ndipo nandolo wayamba maluwa.

Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga. Ndikugona kunyumba ya amalinyero, ndikudya katatu, ndipo khungu la kumsana lomwe linasupuka ndi dzuwa lamera lina. Amayi asalire. Ndanenepa kuposa mmene ndinachokera ku Carriacou.

Kaputeni Belmar a ku Petite Martinique, omwe akupatsireni kalatayi, andiuza zomwe zikuchitika kumeneko. Akuti chimvereni za imfa ya mkulu wake Winfield, Osbert wafooka, ndipo akufuna kuti ukwati wake ndi Ismay ungochitika mwakachetechete kwa wansembe, poti kwawo kulibenso mwamuna wovina mbendera. Akutinso inu mwayankha kuti mwana wanu sakwatiwa ngati nkhuku yobedwa, ndipo mbendera yakuchimuna ikapanda kutuluka pamsewu, ukwatinso palibe.

Mawu amenewo ndawazindikira, Bambo. Akanapanda kutchula dzina ndikanadziwabe mwiniwake.

Sindikukutsutsani. Chilumba chonse chimadziwa kuti mbali ziwiri, yakuchimuna ndi yakuchikazi, zikakumana pamsewu, mbendera zawo n'kuyamba kulimbana, palibe wovina ngati inu a Prosper. Mwambo umati pomaliza yakuchimuna ikwere pamwamba, koma inu simulola msanga. Pa ukwati wa msuweni Verlyn munavinitsa mkulu uja wa ku Bogles mpaka anakhala pansi, keke ikusungunuka padzuwa. Ndiye musanaumitse khosi, imvani kaye mmene Winfield anafera, chifukwa Osbert wangomva mutu wake wokha wa nkhaniyi.

Dzina la sitima yathu anatiletsa kutchula. Tinkanyamula dothi lofiira la ku Demerara lija amapangira ndege. Fumbi lake limalowa paliponse, m'tiyi, m'makutu, m'Baibulo momwe. Ine ndi Winfield tinali pansi kung'anjo, kuthira malasha ndi fosholo, thukuta likudzaza nsapato.

Masiku ano sitima siyenda yokha. Timayenda mdipiti, mizeremizere, tisitima tankhondo tikuzungulira m'mbali ngati agalu olondera mbuzi. Nyali n'zoletsedwa, fodya panja n'ngoletsedwa, ngakhale makoko a mbatata sutaya m'madzi kuopa kusiyira mapazi Ajeremani omwe amatisaka ndi sitima zawo zoyenda pansi pa madzi. Timagona ndi zovala, chitseko chili chotsekula, chifukwa sitima ya dothi ikaombedwa simira pang'onopang'ono. Imagwa ngati mwala.

Lamulo lowawa kuposa onse ndi lakuti mnzako akaombedwa suima. Ulendo wina tinadutsa pakati pa anthu ali m'madzi, akuda bii ndi mafuta, akutiitana. Tinangowaponyera matabwa ndi zingwe n'kupitirira. Tsiku limenelo palibe anakhudza chakudya.

Winfield ndiye ankatisunga ndi nthabwala zake. Ine ankangondiitana kuti alamu, ukwati usanachitike n'komwe. Ku Georgetown anagula nsalu yofiira, n'kupempha thumba loyera la ufa kwa wophika wathu, mkulu wina wa ku Barbados, ndipo tikaweruka ankakhala pamthunzi kusoka mbendera ya ukwati wa mng'ono wake. Zilembo anadula yekha, O ndi I. O uja anatuluka ngati dzira loponderezedwa, koma ukamuuza ankati ndi mmene mutu wa Osbert ulili.

Mbenderayo sankaisiya m'chikwama. Ankaikulunga pamimba, mkati mwa malaya, ngakhale pang'anjo potentha paja. Wophika ankamuseka kuti kodi munthu wamkulu ndevu pepeya wayambanso thewera? Iye ankayankha kuti chikwama chimamira ndi sitima, koma mimba imapita komwe mwiniwake wapita.

Za inu ankazikamba tsiku ndi tsiku. Ankati, "Alamu, ukawauze madala ako adyeretu nandolo wambiri. Ine si wa ku Bogles." Ine ndinkamuuza kuti amangolimba pakamwa, akadzakuonani mwavula chipewa mawondo adzagundana.

Anatiomba m'mawa, dzuwa lili poyera, nyanja ili bata. Ine ndinali pansi, iye anali atangokwera kukamwa madzi. Ndinangomva sitima yonse ikudumpha, nyali zinazima, mpope wa nthunzi unaphulika pafupi ndi makwerero, madzi n'kuyamba kulowa. Chitseko chachitsulo chapamwamba chinadzitseka.

Wanzeru aliyense akanathamangira kumabwato. Winfield anabwerera. Anagwira chitsulo chowotcha chija ndi manja ake awiri n'kuchikankha, kenako anandigwira pakhosi pa malaya n'kundikokera kunja ngati thumba la makala, uku akunditukwana kuti ndimalemera ngati ng'ombe ya abusa. Nthunzi inamuwotcha manja, chifuwa ndi mbali ya nkhope.

Tinapezeka tili pa chithatha cha matabwa chomangidwa pamigolo, ine, iye, wophika uja ndi anzathu ena ochepa. Mdipiti unapitirira monga mwa lamulo. Sindinawakwiyire, Bambo, poti ifenso tinachitapo zomwezo. Tinangoyang'ana utsi wawo mpaka unatha.

Masiku sindinawerenge. Madzi akumwa tinkagawana pa chitsekerero cha chitini, milomo inang'ambika, nsomba zolusa zija zikutiperekeza pansi. Winfield sanadandaule ngakhale kamodzi. Ankangofunsa ngati wophika wakonza chiyani lero, wophikayo n'kumayankha kuti mbuzi yowotcha ndi mpunga, koma aulesi sapatsidwa.

Tsiku lina masana tinaona matanga a ngalawa. Tinakuwa, tinakupiza malaya, koma inkangopitirira patali. Mukudziwa kuti Ajeremani akhala akuwotcha ngalawa zathu, ndipo mphekesera ili ponseponse yoti amabisala pafupi ndi zithatha kudikira wachifundo. Kaputeni aliyense amaganiza kaye za ana ake.

Apo Winfield anati ndimumasule mbendera pamimba ndiimange pa nkhafi. Manja ake sakanatha kugwira kanthu. Ndinaimanga, ndinaimirira, n'kuyamba kuikupiza uku ndi uku monga angachitire munthu aliyense.

Mukanamva mmene anandilalatira. Anati, "Iwe mwana wa Prosper, ukuingitsa nkhuku pachimanga kapena? Ivine! Tsitsa mpaka inyambite madzi, sesa, zungulitsa kumsana, kweza!" Ndinamukumbutsa kuti inu munandilephera kalekale, munati manja anga ndi olemera ngati nangula. Iye anati nangula yemweyo lero avina.

Anayamba kuimba nyimbo ija oimba vayolini amaimba mbali ziwiri zikamakumana, mawu ali osasa ngati khwangwala. Wophika anayamba kuomba mgolo ndi zikhatho. Anzathu awiri anandigwira miyendo kuti ndisagwe. Ndipo ine, Fitzroy wanu, ndinavina mbendera ya ukwati pakati pa nyanja, ndilibe malaya, misozi ikutsika, Winfield akukuwa kuti ndikuchedwa kutembenuka.

Ngalawa ija inakhota.

Anali Kaputeni Belmar omwewa. Muwafunse nokha. Akuti anayang'ana pa galasi lawo loonera patali nthawi yaitali, kenako anauza anyamata awo kuti Mjeremani angadziwe zambiri, koma kuvina mbendera ya ukwati wa ku Carriacou sangakudziwe. Akutinso wovinayo ankavina moipa kwambiri moti anangodziwiratu kuti ameneyo ali pamavuto. Chipongwe chimenechi akundinena nacho mpaka lero, ndipo ndimangoseka nawo.

Winfield anamwa madzi okwanira, anagona pamthunzi wa thanga, mutu uli pamwendo panga. Anali wokondwa, Bambo, ndikunena zoona. Ankamva fungo la nsomba yamchere ikukazingidwa, ankamva anthu akulankhula ngati kwathu. Anandiuza kuti ndiipinde bwino mbenderayo, tsopano yazolowera dzanja langa. Kenako anati, "Alamu, ukawauze a Prosper kuti ndinkabwera ndekha kudzawagwetsa. Ndatanganidwa, ndiye ndatuma iwe."

Anatisiya mapiri a Trinidad akuoneka kale. Tinamuika kuno, ndipo ndinathira mowa wa ramu ndi madzi pamanda ake monga timachitira, kuti makolo amulandire ngakhale wagona kuchilendo.

Ndazungulira mokwanira ngati galu wofuna pogona. Pempho langa ndi ili. Mundilole ndidzavine mbendera yakuchimuna pa ukwati wa Ismay.

Ndikudziwa kulemera kwake. Mwana wa nyumba ya mkwatibwi kutulukira kumbali ya mkwati, n'kudzaima pamsewu kulimbana ndi bambo ake omubereka, sindinamvepo pachilumba pathu. Azakhali a Eudora adzati ndagulitsa magazi anga, ndipo adzanena zimenezo kutchalitchi, kumsika ndi kuchitsime komwe. Anzanu a kumalo omwera adzakufunsani ngati munabereka mwana kapena mlendo. Zonsezi ndaziganiza.

Koma Osbert ndi Winfield anakula amasiye, awiriwiri. Amuna ena a mtundu wawo ali kuntchito ya mafuta ku Aruba, ena ali m'manda. Osbert akakana kubwereka munthu wamba kuti adzaime pamalo a mkulu wake, ine ndikumumvetsa. Manja amene akanagwira mbendera imeneyi anapsera ine, Bambo. Ndikakhala kumbuyo kwanu tsiku limenelo, manja anga ali m'thumba, ndidzadya bwanji keke ya Ismay?

Sindikuchoka pakhomo panu. Chibale ndi fupa, sichiola. Madzulo ake ndidzabwera kudzakhala pakhonde panu monga kale, n'kukuthirirani ramu. Ndikungopempha kuti mundibwereke kwa Osbert m'mawa umodzi wokha.

Ndipo musadzandimvere chisoni pamsewupo. Mukadzagonja msanga chifukwa ndine mwana wanu, Winfield adzakhala wanyozeka. Mudzandivinitse monga mukanamuvinitsira iye, mpaka thukuta, mpaka anthu akwere pamipanda. Ndikukonzekera. M'mawa uliwonse ndimavina ndi tsache kuseri kwa nyumba ino, ndipo mayi woyang'anira malowa wandiuza kale kuti ndikathyola lina ndigona panja. Kutembenuka ndikuchedwabe, koma nangula uja wayamba kupepuka.

Mukadzaona kuti zakwana, mudzatsitse mbendera yanu, ya Winfield ikwere. Tikakaikhoma padenga la nyumba ya Osbert, ine ntchito yanga idzakhala yatha, ndipo ndidzabwerera kunyanja ndi mtima pansi. Sitima zikufunabe anthu a fosholo, ndipo wina ayenera kupita. Amayi muwauze zimenezi pang'onopang'ono.

Kalatayi mumuwerengerenso Osbert, makamaka pa chitseko paja. Adziwe mkulu amene anali naye. Ismay mumuuze asasiye kusoka diresi. Yankho lanu mupatsire Kaputeni Belmar, ndipo mukavomera ndidzakwera nawo ngalawa yawo Khirisimasi isanafike.

Mbenderayo ili ndi ine, ndikugona nayo pamimba. Ili ndi mafuta akuda m'mbali, mchere unaiumitsa, kufiira kwake kunasuluka, ndipo ngodya imodzi sanamalize kupinda. Ndikuwadziwa Amayi, akangoiona adzathamangira sopo ndi singano. Chonde muwaletse. Idzatuluke pamsewu mmene ilili.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa Ismay, kwa Verlyn ndi ana, ngakhalenso kwa Azakhali a Eudora. Mukathire pansi kadontho pakhomo, muwauze makolo kuti ndafika kumtunda. Mulungu akusungeni nonse, ndipo alimbitse bondo lanulo, chifukwa mudzalifuna.

Ndine mwana wanu,
Fitzroy