Shelefu Yofika M'maondo

Okondedwa amake ana,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi ana, komanso kuti odwala a kuchipatala kwanuko akukusiyiraniko kampata kopumira. Ine kuno ndili bwino. Msana uja wasiya kudandaula, mwina waona kuti m'nyumba muno mulibe woumvera. Maluwa anu a pakhonde afota onse kupatula limodzi, lomwe ndikuganiza kuti likukhala moyo chifukwa cha makani basi.

Nkhani yaikulu ndi yakuti mwamuna wanu watsegula laibulale. Musaseke. Chipinda cha ana chija munati ndiikemo wa lendi, ine ndaikamo mabuku. Mabuku sabweretsa alendo, ndipo sakufunsa kuti akazi ako abwera liti.

Ndinaitana kalipentala wa kuseri kwa msika. Atafunsa kutalika kwa mashelefu, ndinamutengera pa felemu la chitseko, pomwe munkalemba msinkhu wa ana ndi pensulo. Ndinamuuza kuti yapamwamba ifike pa mzere wa Kanyerere, yapansi pa mzere wa a Chifukwachiyani, kuti aliyense azidzitengera buku osakwera pampando. Ndinamufotokozeranso zimene akatswiri a maphunziro amanena zokhudza dzanja la mwana ndi buku. Anamvetsera ngati munthu amene mvula yamutsekera pakhonde la mlaliki, kenako n'kukhoma misomali yake. Zatuluka zokongola. Yapansi imandifika m'maondo, yapamwamba m'chiuno.

Mabuku ndimagula kwa bambo wina amene amayala katundu wake pansi pafupi ndi pokwerera basi. Ndimasankha mosamala kuposa mmene munandisankhira ine. Ndimanunkhiza ngati muli chinyezi, ndimakutumula kuti njenjete zigwe, ndimaona ngati masamba ali onse. Limodzi lokha linandipusitsa. M'bukumo njovu inataya chipewa, inafunsa nyama zonse, ndipo tsamba lomaliza wina anang'amba. Ndinalemba ndekha mathero n'kumatapo. Aka n'koyamba digiri yanga kugwira ntchito yooneka.

Buku lililonse ndimayamba ndaliwerenga mokweza ndisanaliike pa shelefu, aliyense ndi mawu ake: chimbalangondo mawu a m'mimba, mbewa a m'mphuno. Mayi a nyumba yoyandikana nafe anandipeza ndikuyanika malaya, n'kundifunsa ngati ana abwera, poti akumva phokoso. Ndinati ayi, ndi wailesi. Anandiyang'ana mmene amayang'anira munthu wofunika kumupempherera.

Mwezi wathawu wogulitsa uja anandifunsa ngati kwathu kumabadwa mwana chaka chilichonse, chifukwa chindidziwire ndimangogula za msinkhu umodzimodzi. Anati ngati zili choncho mayi ndi olimba mtima. Tinaseka tonse, ine n'kunyamula thumba langa. Khutu linamva, mutu sunamve.

Ndinadzamva Lamlungu lapitali. Mukukumbukira kuti munapatsa Kanyerere foni, inu mukuthamangira kuntchito. Ndinamuuza monyada kuti ndamupezera buku la bakha wovala nsapato, lokhala ndi timazenera totsegula ndi chala. Iye anati, "Zikomo, adadi. Liyenera kuti ndi labwino kwambiri."

Amake ana, mawu amenewo ndimawadziwa. Ndi omwe inu mumayankhira agogo odwala akamakuuzani nkhani imodzi kachitatu. Mwana wanga wandichitira ulemu. Akanandiseka bwenzi zilibe kanthu.

Ndinamufunsa chimene akuwerenga masiku ano. Anati buku lalikulu lopanda zithunzi. Anayamba kundifotokozera za mtsikana wina ndi azakhali ake, mawu akuthamanga ngati kale, kenako anaima n'kunena kuti n'zovuta kufotokozera munthu amene sanaliwerenge. A Chifukwachiyani atatenga foni anandipatsa moni ndi mawu omwe ndinangotsala pang'ono kuwafunsa kuti ndikulankhula ndi ndani. Sanandifunse funso ngakhale limodzi. Mwana yemwe uja ankanditsatira mpaka kubafa kuti ndimuuze chifukwa chake nkhuku ilibe mano. Tinamaliza mmene timamalizira nthawi zonse: sukulu ikuyenda bwanji, bwino, limbikirani, chabwino adadi.

Nditatseka foni ndinakaima pa felemu paja. Mizere ili pomwe munaisiya. Ana akula kwanuko, ine kuno ndakhala ndikulera pensulo.

Musawerenge izi ngati dandaulo. Zoti inu ndi ana mupite kutaliko tinagwirizana tonse, ndipo ndine ndinalankhula motalika kwambiri za tsogolo la ana, monga mwa chizolowezi changa. Za kubwera sindikunenanso. Munati holide ino sizitheka, ndamva.

Pempho langa ndi laling'ono, ngakhale likundichititsa manyazi, munthu woti ndinaimapo pamaso pa ophunzira a ndevu. Kanyerere akapita kusukulu, musuzumire pa chikuto cha buku akuwerengalo. Mundilembere dzina lake, la wolemba, ndi tsamba lomwe wapinda, poti khalidwe lopinda masamba lija ndikudziwa kuti sanasiye, anatengera inu. Mnyamatayo, a Chifukwachiyani, nayenso ngati lilipo lomwe amaligonera, mutero. Ngati palibe, mundiuze chimene amatha nacho tsiku, ngakhale zitakhala injini za ndege, ndiphunzira.

Buku la Kanyerere ndikalisaka m'masitolo monse, ndipo ndikalipeza ndidzawerenga mothamanga mpaka nditamupeza pomwe ali. Ndikamupeza sindidzamupitirira. Koma chonde musamuuze, chifukwa akadziwa ayamba kundidikirira mwachifundo, kumawerenga pang'onopang'ono ngati akuwolotsa nkhalamba pamsewu. Ndikufuna Lamlungu lina ndidzangonena mwadala kuti azakhali a m'bukumo ndi munthu wabwino, iye adzaiwale ulemu n'kundiuza kuti palibe chimene ndamva.

Mundiperekere moni kwa achemwali anu amene amakhala ndi ana inu mukakhala kuntchito, muwauze kuti alamu awo akuthokoza. Anawo muwafungatire m'malo mwanga, ngati amalolabe. Inu muzidya, muzigona, ndipo Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a ana aataliwo