Kabati Yolowera pa Zenera

Kassel,
19 Okutobala 1958

Okondedwa achimwene Ekkehard,

Ndikhulupirira muli bwino ku Amereka kumeneko, kumene mukuphunzitsa ana a eni ake kujambula nyumba zooneka ngati mabokosi a nsapato. Kuno tili moyo, ngakhale tikukhala m'nyumba yanu.

Ndiyambe ndi kukuyamikirani. Nyumba yosanja imene munajambula ija anthu akuitama ndithu, makamaka amene sagonamo. Amayi anapatsidwa zipinda zawo pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi monga munakonzera, ndipo anasamuka bwinobwino, iwo ndi mbale zawo. Chimene chinakana kusamuka ndi kabati ya atate.

Mukuikumbukira, kapena nayonso munaiiwala dala? Ija atate anapala ndi manja awo chaka chimene munabadwa. Ija ine ndi amayi tinakoka pa ngolo kuchokera kwathu ku Breslau m'chisanu, nkhondo ikutha, inu muli kwina mukujambula nyumba za asilikali zimene masiku ano simuzitchula mukamalankhula pa wailesi. Kabati imeneyo inadutsa milatho yophulitsidwa, koma pa masitepe anu yagonja. M'chikepe siilowa, pa masitepe siikhota, ndipo chitseko chanu chinachepa ndi zala zitatu. Ndinayeza ndekha.

Milungu itatu inaima pansi, polowera. Amayi ankatsika m'mawa uliwonse kukatengamo kapu, madzulo n'kukaibwezera, poti makabati anu oyera a m'khoma aja akuti ndi a kuchipatala. Chikepe amachiopa. Mawondo awo mukuwadziwa.

Kenako bambo Pohlenz, woyang'anira nyumbayi, anabwera ndi pepala la malamulo limene munasaina inuyo: polowera pasakhale kanthu, m'mazenera musapachikidwe nsalu zamaluwamaluwa. Anatipatsa milungu iwiri, nati pofika Lachisanu lomaliza chimtengocho achiwaza nkhuni. Ndinawafunsa kuti nkhunizo akazisonkha pati, poti m'nyumba monsemu simunaikemo ngakhale mbaula imodzi. Sanaseke.

M'pamene ndinakulemberani, ndipo yankho lanu ndili nalo pano. "Munthu watsopano safuna katundu wa akufa. Tikuyambira pa ziro." Zikomo, pulofesa. Ine ndimaphunzitsa Chilatini, chilankhulo cha akufa okhaokha, ndiye mwina n'chifukwa chake sindinamve. Koma ndaona kuti okonda kuyambira pa ziro kawirikawiri amakhala ndi kanthu kamene akubisa kuseri kwa ziroyo.

Tsopano ndiulule. Lachinayi ndinaitana amuna anayi onyamula mapiyano. Denga lanu lafulati lija, limene ntchito yake yakhala kudontha basi, linathandiza koyamba: anamangapo chingwe. Tinachotsa galasi lalikulu la pabalaza, kabati n'kumakwera kunja kwa khoma, msewu wonse makosi m'mwamba. Bambo Pohlenz ali pansi anakuwa kuti akakunenezani zonse. Mmodzi wa amapiyano aja anawayankha ali padenga kuti, "Akuluakulu, kawauzeni abwere adzagwire mbali inayi."

Galasilo linasweka pobwezera. Sindinalire. Panopa pali thabwa, ndipo kabati yaima pomwepo, poti makoma ena onse munawadzaza ndi makabati a kuchipatala aja. M'mawa mwake kunafika wojambula zithunzi wa magazini amene munamutuma uja. Anandipempha mwaulemu kuti tisunthe kabatiyo ndi kuchotsa thabwalo kwa ola limodzi lokha. Ndinamuuza kumene amapiyano amapezeka. Chithunzicho mukachiona, werengani mazenera kuchokera pansi, mutipeza msanga.

Pali chinanso, ndipo ichi sindikuseka nacho. Maso a amayi sawerenganso, choncho kalata yanu ndinawawerengera ndine. Sindinawerenge zimene munalemba. Ndinati mwalamula kuti kabati ilowe ngakhale khoma ligwe. Anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Ndimadziwa ine. Mwana ameneyu amangouma pakamwa pokha." Ndakunamirani zabwino, achimwene, ndipo chimenechi n'chimene chikundipsetsa mtima kuposa masitepe, kuposa bambo Pohlenz.

Kalatayo aisunga m'dirowa ya pamwamba, pamodzi ndi nyumba yoyamba imene munajambula muli ndi zaka zisanu. Ili ndi denga losongoka, utsi ukutuluka, ndi maluwa pazenera. Malamulo anu sakanailola.

Mukabwera pa Khirisimasi musadzandiulule. Akadzakuthokozani mudzangovomera, mudzatsegule kabatiyo, mudzatengemo kapu. Amayi akupereka moni, ati muzivala zamphepo. Wanga moni ndiusunga kaye mpaka ndidzaione kapuyo m'manja mwanu.

Ndine mlongo wanu,
Irmtraud