Njovu Zinadutsa Kumanzere

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo.

Loweruka ndinapita ndi bambo kunkhalango yosungirako nyama, ulendo uja takhala tikuuzengereza podikira inu. Kumeneko njovu zikayandikira, dalaivala amazimitsa injini kuti zisadzidzimuke, ndipo aliyense amakhala chete. Zinadutsa kumanzere kwathu, pafupi moti tinkazimva kupuma.

Bambo ananong'ona kuti, "Koma ndiye chinyama, mwana wanga. Sichikugwedezeka n'komwe."

Nditacheuka ndinapeza akuyang'ana kumanja, kumene kunali chulu. Ndinangovomera. Tikanadziwa, tikanapita kale.

Chithunzi chanu amachisungabe m'thumba la jekete, koma masiku ano amandifunsa kuti ali pamenepo ndani. Musadikire tchuthi cha chaka chamawa, achemwali.

Ndine mlongo wanu wokusowani.