Ng'oma zanga zinalinda chimanga ku Chifunda

Amama, mwaswera bwanji kumene muliko?

Ndine Yotamu, mwana wanu wa ng'oma uja. Musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, ndalemba ndi dzanja langa. Pakhomo la sukulu sindinapondepo, inu mukudziwa, koma zilembo ndinaziphunzira pa zikwangwani za bandi yathu, kuopa kuti wina angandinamize kuti dzina langa lilipo pamene palibe.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Mlongo wanga Esinati ali bwino, bondo lokha ndilo limamuvuta kukazizira. Mwana wake Tamara anabereka mtsikana mu Januwale, ndipo tamutcha dzina lanu. Mkwiyo nawo watengera wanu, akafuna bere mudzi wonse umadziwa. Nkhuku zinatha ndi chitopa, kwatsala tambala mmodzi amene amalira ngati ali ndi akazi khumi.

Manje nkhani imene ndakhalira pansi ndi ya munda wanu wa kumtsinje, ndipo ndikufuna muimve kwa ine.

Za ntchito yanga sindinakuuzeni bwino muli moyo, chifukwa ndikangoyamba munkati, "Zisiye za ng'oma, wadya?" Lero simungandidule. Nditafika ku migodi ndinkanyamula makreti a mowa m'kalabu, maso ali pa mkulu wina woimba ng'oma zachizungu, zinayi pamodzi, ina yoponda ndi phazi, ndi mbale ziwiri zamkuwa pamwamba. Chaka chathunthu ndinkamuonera, kunyumba n'kumakayeserera pa mapoto. Atadwala dzanja ndinakhala pampando wake, ndipo zinapita zaka makumi awiri ndi zisanu osapezeka wondichotsapo.

Bandi yathu inkaimba jazi, koma wosakaniza: malipenga, gitala yokuwa ya magetsi, pansi pake mayendedwe a kwathu. Anzanga ophunzira ankawerenga nyimbo papepala. Ine ndinkangokumbukira inu ndi azakhali awiri mukusinja mumtondo umodzi, minsi itatu osagundana, ndiye n'kumaponda pamene munthu sakuyembekezera. Bonifasi wa gitala, mtsogoleri wathu, ankacheuka nyimbo ili mkati n'kundiitana ndi mtundu wathu, "Iwe Msenga, wapita kuti? Tasokera ife!" Ine n'kuti, "Yenda chabe, undipeza kutsogolo." Ndipo ankandipezadi. Kitwe, Ndola, Lusaka, mahotela onse akuluakulu anamva phazi langa.

Kenaka anabwera makina, kiyibodi yokhala ndi ng'oma m'mimba mwake. Eni mahotela anaona kuti makina sadya ndipo safuna pogona. Bandi inabalalika. Ndinabwera kumudzi chaka chanjala chija, inu mutagona kale miyezi isanu. Anthu anaseka kuti ena amabwera ndi malata, uyu wabwera ndi ng'oma. Aphunzitsi ena anafuna kuzigula, ndinakana. A kwaya anafuna kubwereka, ndinakana. Ngakhale kupukuta fumbi sindinalole munthu. Munkanena kuti ine ndidzaikidwa m'manda ndi makutu atsopano chifukwa sindinawagwiritsepo ntchito. Simunanama.

Chaka chino chimanga chinachita bwino, ndipo njovu nazo zinaona. Zinayamba kuwoloka mtsinje dzuwa likangopendeka. Anthu akumenya madebe, go, go, go, mofanana tsiku ndi tsiku, izo zinazolowera, zikudya ngati zikuimbiridwa pa ukwati. M'masiku atatu zinamaliza mbali yonse ya kumunsi. Esinati anakhala pansi m'mizere momwemo, ndipo pakhomo pathu pakamwa ndi pambiri.

Ndinanyamula ng'oma zonse kupita nazo pa chilindo, ngakhale ndikudziwa chimene chinyezi chimachita ku zikopa. Njovu zitatulukira m'bango ndinayamba. Yaikazi yotsogolera inaima, makutu tambasu, chitamba m'mwamba. Amama, zidakwa za m'mahotela sizinandimvetserepo chotero. Ikati yagwira mayendedwe, ine ndasintha. Ikati ndatha, mbale ija phwaa! Inazungulira kawiri, n'kubwerera ndi ana ake.

Koma sizinabwerere kutsidya. Zinakalowa m'munda wa a Zimba, oyandikana nafe. M'mawa mwake anafika atanyamula mapesi othyoka. "A Ng'uni, jazi wanu ndamumva, ngwabwino. Manje alendo anu mwawatuma kudzadyera kwa ine?" Ine ndinati, "Kagulani zanu ng'oma." Ndinayankha moipa, ndikuvomera, ndipo mukudziwa kuti sindivomera kawirikawiri. Esinati anandimana moni masiku awiri. Tsiku lachitatu anati, "Achimwene, munthu mwamunyozayo ndiye anakumba manda a amama inu muli ku Lusaka."

Tsiku lomwelo ndinamasula ng'oma zanga. Mbale yaikulu ndinakapereka ndekha kwa a Zimba. Yaing'ono kwa Nyagoma wamasiye, kang'oma kolira ngati mvula pa malata kwa a Kumwenda, ziwiri zapakati kwa a Lungu. Ine ndinatsala ndi yoponda. Zilindo zisanu m'mbali mwa mtsinje. Ndinawauza kuti, "Osanditsatira. Ine ndikafunsa, inu yankhani, koma wina achedwe, wina afulumire." A Zimba amamenya mbale ngati akupha njoka, mtima wanga unkapweteka ndithu, koma Nyagoma ali ndi dzanja. Akanabadwira ku Kitwe bwenzi akudya nalo. Njovu zikafika apa phokoso labuka uko, zikathawira uko labukanso kwina, mpaka zinayamba kulambalala.

Ndi m'masiku omwewo pamene inafika kalata ya Bonifasi, a ku kiliniki anabwera nayo panjinga. Anati kwapezeka munthu wofuna kujambula nyimbo zathu zakale pa kaseti, ndifike ku Lusaka ndi ng'oma zanga mwezi usanathe. Amama, zaka zonse zija sitinajambulepo ngakhale nyimbo imodzi. Ndikafa lero palibe pamene mdzukulu angamve kuti agogo ankaimba chotani. Ndinaiwerenga kalatayo kanayi. Koma chimanga chinali chisanaume, chikufuna masabata ena atatu, ndipo kutolera ng'oma kunali kusiya minda isanu pambalambanda. Esinati anangondikonzera chikwama n'kuchiika pakhomo. A Zimba anabweretsa mbale ija atapukuta ndi phulusa, akuti, "Pitani, ife tibwerera ku madebe." Ndinati, "Ndani wakuuzani kuti mwaweruka? Bwererani pa chilindo, dzulo munachedwa kulowa." Kwa Bonifasi ndinalemba mawu ochepa: dikira tikolole.

Sanadikire. Sabata yatha wanditumizira kasetiyo, ndipo tinaimvera pa wailesi ya aphunzitsi. Gitala ndi yake yomwe ija, malipenga ndi omwe aja, koma pampando wanga akhazikapo makina. Sindikubisirani, ndinatuluka kukayang'ana tambala nyimbo ili mkati. Nditabwerera ndinamvetsera bwino. Makinawo saphonya, komanso safunsa kanthu, ndiye Bonifasi alibe womuyankha. Akuyenda ngati munthu wopita ku chigayo. Ndikumudziwa, iyenso wamva zomwe ndamva ine.

Za kumunda, nkhokwe yanu yadzaza mpaka tamanga ina yaing'ono pambali. A Kumwenda ndi a Lungu akolola bwino, Nyagoma sadzapempha chaka chino. A Zimba anapulumutsa theka, ndipo ndawatumizira madengu anayi, osati chifukwa ndinalakwa kawiri, koma alendo aja analidi anga. Ng'oma zabwerera m'nyumba. Mbale yaikulu yapindika m'mphepete, kang'oma kakang'ono kang'ambika. A Zimba apha mbuzi, chikopa chili pa dzuwa, akuti ndikungire. Chidzalira mosiyana ndi chakale, ndipo ndayamba kale kuganiza pamene ndidzachilowetse.

Ndikulonjezani izi, amama. Tikamaliza kutonola, ine ndi Esinati tidzabwera kudzalambula pamanda panu, udzu wakula. Ndikachoka pamenepo ndikukwera lole ya thonje mpaka ku Lundazi, ng'oma zili pamwendo, kenaka Lusaka. Ndikakhala pakhonde la Bonifasi, ndikudya chakudya chake, kufikira atafufuta makina aja n'kujambulanso. Zaka makumi awiri ndi zisanu sanandigonjetsepo pa mkangano, sayambira pa ukalamba.

Gonani bwino. Ndimakukondani, ngakhale pakamwa panga sipanazolowere kutero.

Ndine mwana wanu,
Yotamu