Moni wa Chala Chimodzi

Lolemba, 4 Julaye

Sabata yachitatu yodula nzimbe. Primo pa chimakina chake chodulira, ine pambali pake ndi thirakitala ndi ngolo, monga takhala tikuchitira zaka 31. Pakamwa pa mkulu ameneyu sipapuma. Tsiku lonse pa wailesi yathu yolankhulirana: mpira, bondo lake, boma. Ine yanga ndi “eee” basi.

Titaweruka ndinathamangira kutauni ya Ingham, kusitolo ya kaunjika ya tchalitchi. Nsapato za gogoda zakuda, saizi 12, ndinanama kuti ndi za mlongo wanga, pomwe mlongo ndilibe. Mayi wogulitsa anayang'ana nsapatozo, n'kuyang'ana jombo zanga. “Achemwali anuwo phazi munatengera kumodzi,” anatero. Manyazi anandigwira. Koma kunyumba, pansi pa nsapato, ndapeza kapepala: Glenys, saluni, Townsville, Loweruka pakatha masabata awiri aliwonse, 2 koloko, khomo lakuseri. Amuna ovala zachikazi. Tiyi alipo. Ndi nambala ya foni.

Ndili ndi zaka 59. Madiresi ndinayamba kuvala ndisanamere ndevu. Ankadziwa ndi mkazi wanga yekha, Noeline, ndipo ndiye ankandisokera. Dzina loti Roz anandipatsa ndi iyeyo. Chimwalirireni, zaka ziwiri tsopano, ndimavala ndekha, makatani otseka.

Lachinayi, 7 Julaye

Ndaimba foni. Glenys ali ndi mawu okhuthala ngati a munthu wosuta. Sanafunse kwathu, sanafunse ntchito. “Tizikuitanani kuti ndani?” Ndinati Warwick. “Ayi bambo, dzina linalo.” Ndinalitchula, misozi n'kungotsika yokha, ndili chiimire m'shedi, manja ali girisi yekhayekha.

Akuti ndikhoza kukavalira komweko. Ndakana. Ndatopa kuyenda monyang'ama ngati ndaba. Ndivalira kwanga, ndiyendetsa galimoto yanga. Loweruka lino sitidula.

Loweruka, 9 Julaye

Diresi yobiriwira imene anasoka Noeline. Wigi. Kyuteksi wofiira m'zikhadabo. Kuzizira kwa Julaye kwandikomera, zodzola sizinasungunuke. Pagalasi ndinaona mayi wooneka bwino, ndipo ndinati palibe angandizindikire.

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Kuno sitipereka moni kwa munthu, timapereka kwa galimoto. Pikapu yanga yoyera, yotifuka chitseko, aidziwa ngakhale agalu. Pakamlatho kena kopapatiza, uyo Primo akuchokera kutsogolo. Anadzutsa chala chimodzi pachiwongolero monga timachitira tonse. Changa chinadzuka chokha, chofiira ngati tomato. Pamenepo timayenda pang'onopang'ono, ndiye anaona zonse: chala, wigi, ndolo. Kukamwa yasa.

Ndinaima patsogolo pang'ono. Kubwerera? Wandiona kale. Ndinapitirira ulendo.

Ndipo ndinachita bwino. Kuseri kwa saluni tinalipo asanu ndi awiri. Wina anabwera ndi mkazi wake, amene ankadula keke ya kokonati ngati tili pa msonkhano wa amayi a mpingo. Wamkulu pagulu ndi Shirl, wa zaka 74, ankagulitsa nyama asanapume, mikanda mbwee m'khosi. Nditangolowa: “Asisi, mukuyenda ngati mukutsika thirakitala! Mawondo pamodzi!” Glenys anandikhazika pampando, akuti wigi ndinaikokera kutsogolo kwambiri, ndimaoneka ngati ndikusuzumira pansi pa denga. Palibe anandifunsa chifukwa chimene ndimavalira. Ndaseka lero kuposa zaka ziwiri zonsezi.

Ndinawauza za chala. Shirl anaseka mpaka nsidze yomatira inagwera m'tiyi. Kenako anandigwira dzanja. “Musamusake, musamuthawenso. Lolemba mukalowe ntchito.”

Lolemba, 11 Julaye

Wailesi zii. “Bwera.” “Yadzaza.” “Pita.” Mawu atatu tsiku lonse.

Masana Primo wadyera m'chimakina, chitseko chotseka. Zaka zonsezi timadyera limodzi kumbuyo kwa pikapu, soseji yake, tiyi wanga. Akandisiya pakati pa nyengo ino palibe wina angandidulire, makina onse ali ndi minda yawo. Koma za nzimbe sindikudandaula, zimaphukanso. Ndikuopa kutaya Primo. Ndiye ananyamula bokosi la maliro a Noeline kutsogolo, kumanja.

Lachinayi, 14 Julaye

Zomwezo.

Pothira mafuta ndimayang'ana nkhope za anthu. Moni wanthawi zonse, nkhani za mvula. Ndiye kuti sanauze munthu, iye amene sasunga nkhani ngakhale kuchoka pa geti kufika pakhonde.

Shirl akundiimbira foni masana aliwonse. Lero: “Wakutukwanani?” Ayi. “Ndiye akutafuna. Musiyeni atafune.” Wanditumizira dzina la dokotala wa mapazi amene safunsa za kyuteksi. Ndinalibe anthu oterewa masabata awiri apitawo.

Ndakwiyako lero. Kupepesa sindipepesa. Sindinamubere kanthu.

Lachiwiri, 19 Julaye

Ndandanda yafika kuchokera kufakitale ya shuga. Loweruka pa 23 tidula, munda wanga wa kumtsinje. Tsiku lomwelo Glenys wakonza kuti tonse tikadye kuhotela, masanasana, pakati pa anthu. Shirl akuti wayitanitsa kale chipewa.

Kale ndikanangoti, “Primo, ndipezere woyendetsa.” Lero ndingapemphe bwanji munthu wosandiyang'ana kumaso? Ndauza Glenys kuti sindibwera. “Mpando wanu tiusungabe,” watero.

Ndasita diresi ngakhale sindipita.

Lachisanu, 22 Julaye

Primo wabwera. Titaweruka, dzuwa lisanalowe, ndinamva galimoto yake pa shedi. Anaima pakhomo, chipewa m'manja. Mphindi makumi awiri akukamba za lamba wa chimakina amene akuti akulira. Ndinamusiya. Ndinapitiriza kupukuta sipanala yoyera kale.

Kenako anayamba za Aldo, mkulu wake. Sindinamuonepo Aldo. Ndimangomva kuti anapita ku Sydney kukafuna ntchito mu 1981 ndipo anamwalira komweko. Koma si ntchito imene inamupititsa. Bambo awo anamupeza m'chipinda atavala siketi ya mayi awo, anamumenya, n'kumuponyera chikwama panja. “Amene ndinakawauza bambo ndine, amwene. Ndinkaona ngati zoseketsa.” Aldo sanabwerenso. Analemba makalata awiri, bambo anawotcha osatsegula. Atamwalira mu 1993 anamuika anzake. Kubanja sikunapite munthu.

“Sindinakukwiyire iwe. Pamlatho paja ndinaona Aldo, ndiye ndinalephera kukuyang'ana kumaso.”

Analira. Ndinali ndisanamuonepo Primo akulira, ngakhale pamaliro a mayi ake. Ndinamupatsa sanza yopukutira girisi chifukwa ndi imene inali pafupi, ndipo nkhope yonse inada. Tinaseka pang'ono.

Ndamuuza zonse. Za Noeline ndi makina ake osokera, za Glenys, za Shirl, za kuhotela mawa. Anamvetsera osandidula, chinthu chachilendo kwa Primo. Pomaliza anati mlamu wake ayendetsa thirakitala yanga. “Pita, m'dala iwe. Koma usandionetse kaye madiresiwo, sindinafike pamenepo.” Ndavomera. Sizinandikomere kwenikweni, koma wanena chilungamo, ndipo ndili ndi kumene ndingakaonetse.

Loweruka, 23 Julaye

Kwacha bwino, kopanda mtambo. Chimakina chikulira kale kumunda wa kumtsinje. Ndaimbira Glenys kuti ndikubwera, wakuwa mpaka ndinachotsa foni kukhutu.

Ndavala, makatani otsegula. Mawondo pamodzi.

Pampando wa pikapu ndapeza envulopu. Primo wabwera m'mamawa ndisanadzuke. M'kati muli chithunzi chakale: bambo wachinyamata wowonda, tsitsi lalitali, mphuno ya Primo yeniyeni. Pamodzi ndi kapepala ka m'buku la mafuta, zilembo zake zokhota zija.

“Warwick. Anzako achikulirewo, mwina wina anakhalako ku Sydney zaka zimenezo. Uwaonetse. Uwafunse kumene anamuika. Ndikufuna ndikamupepese.”