Mzimu Sumenyedwa

Lachiwiri, 9 Julaye 1991

Chiperoni tsiku lachitatu. Phiri silikuoneka, zochapa sizikuuma. Kushopu makasitomala awiri okha: zipi ya buluku, ndi diresi lofuna kupinda.

M'mawa kuchipatala ndi amuna anga, a Thomson. Miyezi itatu chiwagwetsereni sitiroko. Mwendo wabwerera, pakamwa pawongoka. Latsala dzanja lamanja, lili lende. Anamwino, a Esteri, analitembenuza uku ndi uku, akuti moyo ulimo, makamaka m'chala chachikulu, koma likapanda kugwira ntchito lizolowera kugona. Anawapatsa kampira koti azifinya. Titafika kunyumba kampirako anaponyera mphaka.

Zaka makumi atatu akukwera phiri, kulondera mikungudza, kunyamula zikwama za azungu mpaka pamwamba. Lero akuti sangafinye mpira ngati khanda. Liuma. Ndinaliona ndisanalowe m'banja, ndiye ndidandaulira yani.

Chondisowetsa mtendere si mpirawo. Chinkhoswe cha Lizzie wathu chili pa 10 Ogasiti. Nkhani adzakamba ndi atsibweni ake, koma akuchimuna akafika adzafuna dzanja la bambo. Iwo akuti sadzatuluka m'chipinda. "Ine kupereka moni ndi lamanzere? Adzati mwanayu wachokera kwa anthu osaleredwa." Chiyambire Epulo sanalonjere munthu. Ngakhale abusa anabwerera pakhonde.

Mwana mmodzi yekhayu. Ndalira pang'ono ndikusoka, mzere unakhota, ndachita kumasula.

Loweruka, 13 Julaye

Lizzie wabwera kuchokera ku Limbe ndi Juma wakeyo. Lole kuima pamsika, anthu onse a pa Chonde pano kutuluka. Mnyamatayu amayendetsa mpaka ku Joni. Watsitsa katoni: TV yaing'ono, kabokosi kotuwa, togwirira tiwiri ta zingwe, makaseti anayi. Akuti gemu ya pa TV. Kogwirirako umagwira ndi manja awiri. Chala chakumanzere chimayendetsa kamunthu ka pagalasi, chakumanja chimadina batani lofiira, kamunthuko n'kumenya.

Chakumanja. Nzeru za Lizzie izi, ndinaziona m'maso mwake.

Juma wafotokoza zonse atapenya khoma, kuopa kuyang'anizana ndi apongozi. Nsapato anavulira panja. Ndamukonda. A Thomson sanatuluke, anangotsokomola kuchipinda kuti tidziwe kuti alipo.

Zolemba za pamakaseti ndi zija zonga mapazi a nkhuku, palibe woziwerenga. Juma akuti imodzi ndi ya mpira, zitatuzo ndi zoopsa, "amayi asamaonere okha." Ine, mayi wa mvano, kuopa galasi?

Lolemba, 15 Julaye

Ndatseka shopu nthawi ya nkhomaliro. Makatani onse kutseka chifukwa kuwala kumaphimba galasi. Ndayesa zitatu zija, ndikukweza dala mawu kuti amve kuchipinda. Mayina ndazipatsa ndekha.

Ya Mileme. Nyumba yaikulu ya mzungu, masitepe osatha, mileme kugwa kuchokera kudenga. Imadzidzimutsa koma siopsa. Mileme tili nayo kutchalitchi.

Ya Mafupa. Mafupa a anthu kudzuka m'manda n'kumayenda atanyamula zikwanje. Ndinaseka. Ena amayenda ngati a Thomson akalawa ya masese.

Ya Nyali. Iyi ndiye ayi. Kamunthu kamodzi, kanyali m'manja, kakukwera m'nkhalango muli nkhungu. Umangoona pomwe pali kuwala. Kanyimbo kamalira pang'onopang'ono, kenako n'kusiya. Zii. Kakasiya choncho, kumbuyo kumatuluka chinthu choyera chopanda nkhope. Sichithamanga. Chimangokutsata. Chikakukhudza, kamunthu kako kamayera nakonso n'kulowa pamzere wa zinzake.

Mayi wa mvano anazimitsa TV n'kukakhala padzuwa.

Lachinayi, 18 Julaye

Atuluka.

Dzulo anaima pakhomo la chipinda, ati akufuna madzi. Lero anafika mpaka kumbuyo kwa mpando wanga. Ndinakhala ngati sindikuwaona. Anapirira mphindi zisanu, kenako zinawakanika: ndikuyenda molakwa, m'nkhungu munthu sathamanga, satsata phokoso la madzi, kodi ndinakulira kuti. Ndinati ngati mukudziwa bwino tengani. Anatenga.

Kogwirira pamwendo, lamanzere likuyendetsa, lamanja analiika pamwamba pake ngati mlendo. Komabe lili pomwepo, pafupi ndi batani lofiira.

Akuti wopanga gemuyi anafikako kuphiri kwathu kuno, nkhungu yotere saidziwa munthu wamba. Anadya kalongonda mbale yonse maso ali pagalasi. Mtima wanga mbee.

Lamulungu, 21 Julaye

Ndinasangalala msanga.

Samenya. Masiku atatu, batani lofiira sanalidine n'kamodzi komwe. Choyera chija chikatuluka amaimitsa kamunthu, kukapatutsa m'njira, iwo n'kuyamba kung'ung'udza Chilomwe cha agogo awo, kupepesa. Chinthucho sichimva Chilomwe. Chimawakhudza, kamunthu kuyera, kuyambiranso pansi pa phiri. Lero kakhumi ndi kawiri.

Ndinati dinani apo, chimabalalika ngati utsi, ndinayesa ine. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Amake Lizzie, mzimu sumenyedwa. Phiri lili ndi eni ake. Ukakumana nawo umapatuka, umapepesa. Ine zaka makumi atatu ndinabwerako wamoyo chifukwa chiyani?"

Palinso za chakudya. M'gemumo nthawi zina umapeza mbale pansi pa mtengo, ukadya mphamvu zimabwerera. Akaiona amandikwezera dzanja kuti ndikhale chete. Lamulo la kuphiri: ukapeza chakudya, idya wekha, usaitane mnzako, usatengeko, usanene. Amadya ali duu, ndipo nanenso sindiloledwa ngakhale kutsokomola m'nyumba mwanga momwe.

Munthu wa ubatizo, dikoni wopuma. Koma paphiri ndiye musawauze.

Lachisanu, 26 Julaye

Tayambana Lachitatu. Ndine ndinalakwa, ndilembe pano poti palibe wowerenga.

Ndinachokera kumsika nditatopa, ayufi atandibweza pachipata chifukwa khadi la chipani ndinaliiwala m'diresi lina. Kubwerera, kukatenga, kupeza nsalu ya akuchikazi yomwe ndinkafuna yatha. Kufika kunyumba, bambo akupepesa galasi. Ndinapsa mtima. Ndinati imeneyo si mizimu, ndi zidole za magetsi zogula ku Joni, ndipo mwana wanu adzakhala pamphasa wopanda bambo chifukwa cha ulemu wopatsa zidole.

Sanakweze mawu. Anangoti, "Munazifunsa?" Anaika kogwirira pansi, kulowa kuchipinda.

Masiku awiri TV ili chete. Chakudya ndikuwapititsira komweko. M'mawa uliwonse ndimawamangira mabatani a malaya, iwo kuyang'ana kudenga, ine kuyang'ana mabatani. Ndawasowa, chonsecho tili m'nyumba imodzi.

Kwatsala masabata awiri. Madiresi anayi, malaya awiri, chimera cha thobwa sichinaume.

Lolemba, 29 Julaye

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndapepesa ine. Ndawaphikira chinangwa ndi tiyi wa mkaka, ndati bwerani mundiperekeze kuphiri, ndekha ndikuopa. Si bodza lonse.

Ndalumikiza kogwirira kachiwiri. Eti pagalasi patuluka kamunthu kena, kovala zofiira, kopanda nyali. Iwo patsogolo ndi kuwala, ine pambuyo. Choyera chikatuluka ine ndimangochimenya. Phwa, utsi. Iwo n'kuyamba kundipepesera: mumukhululukire, ngwakuchigwa, sadziwa kanthu.

Tafika patali lero, kuwoloka mtsinje, kudutsa mlatho wa mitengo. Mbale tinapeza ziwiri, zonse anadya okha osandiyang'ana. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndikuwaphikira. Ndinawatsina pantchafu, anaseka mpaka kutsokomola. Kuseka koyamba chichokereni kuchipatala.

Lachiwiri, 30 Julaye

Ndimasoka malaya awo a chinkhoswe, ndikuganiza. Mabatani ndimawamangira ine. Nyama ndimawadulira ine. Alendo ndimawabwezera ine pakhonde. Tsopano ndi mizimu yomwe ndikuwamenyera ine. Nanga dzanjalo lidzukirenji, wantchito lili naye?

Malayawo ndasoka a mikono yaitali. Adzavale asadzavale.

Lachitatu, 31 Julaye



Masana, makatani otseka. Tinafika pamalo pomwe mitengo imatha, miyala yokhayokha. Kamunthu kanga kanali katatsala ndi mphamvu pang'ono. Kanyimbo kanasiya. Choyera chinatulukira kumbuyo kwanga, chachikulu kuposa zonse.

Ndinachotsa zala pa kogwirira. Dala. Ndinati chala chachita dzanzi, sindikutha.

Anati thawani. Ndinati sindikutha. Chikubwera. Anayamba Chilomwe chawo chija, mofulumira, chikubwerabe. Ndinati basi abambo a Lizzie, ndiyera, ndizikutsatani pambuyo ndi anzangawa. Ndinanena moseka koma sizinali zoseketsa, chifukwa mu Epulo ndine ndinkaona munthu akuyera pabedi la chipatala, ine wopanda batani loti ndidine.

Ndinamva kuti tcha. Kamunthu ka nyali kanatembenuka, kukweza mkono. Kanaphonya. Tcha, kachiwiri. Phwa, utsi.

Sindinayang'ane pagalasi. Ndinayang'ana pamwendo pawo. Chala chachikulu chili pa batani lofiira, thukuta lili kamukamu pamphumi ngati asenza thabwa la mkungudza kuchokera pamwamba.

Anapuma kaye. Kenako anauza galasi, mwaulemu wonse: "Pepani akuluakulu. Koma uyu yekha ayi."

Patsogolo pang'ono panali mbale. Anaima pambali pake. "Idyani inu, amake Lizzie." Malamulo awiri a phiri kuswa tsiku limodzi.

Ndinapita kukhitchini, ndati ndikukaona moto. Panalibe moto.

Lamulungu, 4 Ogasiti

Tsopano amamenya, koma chilichonse amayamba achipepesa. Pepani, tcha. Pepani, tcha. Anthu odutsa panjira aziti m'nyumba muno tikulimbana ndi ndani kaya.

Ine chala changa "sichinachire," ndiye ntchito yonse ndi yawo. Chachikulu chikudina bwino. Cholozera chayamba kupinda. Dzulo anagwira supuni mpaka pakamwa, theka la phala pamalaya. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kampira kaja ndakapeza pansi pa pilo wawo. Mphaka sanakaike pamenepo. Ndakabwezera pomwepo.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Ayesa kundipatsa moni. Zala zikugwira, zitatu, mofooka koma zikugwira. Mkono ndiye sukukwera. Umafika m'chiuno n'kugwa. Kanayi konse. Anakhala pabedi.

Za Loweruka sindinafunse, iwonso sananene. Malaya ndawasita, ndawapachika pamsomali pomwe angawaone akadzuka. Lizzie wafika madzulo, wandifunsa ndi maso, ndamuyankha ndi mapewa.

Thobwa lakoma. Nkhuku zisanu zili m'khola. Mantha okhaokha, oposa a Nyali ija.

Loweruka, 10 Ogasiti

Alendo angochoka, dzuwa likadalipo. Mapazi akuwawa. Ndilembe ndisanaiwale.

Akuchimuna anafika cha m'ma teni. Anakhala pamipando pansi pa mpeyala, atsibweni a Juma patsogolo, bambo wamtali wa kofia yoyera. Anafunsa za eni khomo. Achimwene anga anayamba kale kukonza pakhosi kuti anene zoti bambo sakupeza bwino. Lizzie mutu pansi.

Chitseko chinatseguka. Malaya a mikono yaitali, mabatani onse omanga, limodzi molakwika. Anamanga okha.

Anayenda mpaka pa mlendo wamkuluyo. Ine mtima m'malere, ndikudziwa kuti mkonowo ufika m'chiuno n'kugwa. Koma anaugwira ndi lamanzere pansi pa chigongono, kuukweza, kuwerama pang'ono, n'kupereka lamanja. Monga achitira munthu aliyense woleredwa akamalonjera wamkulu. Mlendoyo naye anagwira mkono wake chimodzimodzi. Anazungulira onse khumi ndi mmodzi, mpaka Juma, yemwe anagwada. Palibe anaona chachilendo. Ndinamva mayi wina wakuchimuna akunong'oneza mnzake kuti bambo ake ndi aulemu chonchi, mwanayo ndiye woleredwa ndithu.

Miyezi inayi kubisala m'chipinda, chonsecho mankhwala ake tinaphunzitsidwa tili ana. Ine telala wanzeru sindinaganizeko.

Lizzie analira mpaka utoto wa m'maso kutsikira pa diresi lomwe ndasoka masiku asanu. Ndamukhululukira.

Anthu atachepa a Thomson anandipeza kuseri ndikutsuka mapoto. Anaima, kuyang'ana phiri, lero lili poyera mpaka pamwamba. Ndinati mwachita bwino abambo a Lizzie. Anati, "Chala chanu chija chachira?" Ndinati chikuyesako. Anati, "Munthu wopalasa makina tsiku lonse osachita dzanzi. Ndinakuonani mukuchotsa zala, amake Lizzie. Ndinangoti nanga chikakhala choona."

Ndinasowa poyang'ana. Anandigwira pamkono, ndi lamanja, zala zitatu zija. Zofunda.

Akundiitana pabalaza, ati makatani atseka kale, eni phiri atidikira ndipo lero aliyense adzimenyere yekha. Mapoto atsala awiri koma adikire mawa.