Mchombo wa mwana wa Wezi

Amayi, kodi kumene muliko zikuyenda bwanji?

Kuno ku Mphamba tilipo. Nshawa takumba zambiri chaka chino, nkhokwe yanu yadzaza. Fodya wa amalume ndiye wakanika. Iwo akuti wina wawalodza, chonsecho tonse tinawaona akugulitsa feteleza mvula isanagwe.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Wezi, mng'ono wanga, wabereka mwana wamkazi ku Norway, kumene akugwira ntchito ya unamwino. Inde, Wezi yemwe uja amene sanabwere pamaliro anu. Ananditumizira tikiti ya ndege kuti ndikamusambitsire mwana m'malo mwanu. Ndinapita, koma musanditame. Ndinkafuna kukaona ndi maso anga dziko limene linamuiwalitsa kwawo, pamene ine ndinasiya yunivesite ku Lusaka kudzakutembenuzani pamphasa.

Nditafika, anati tikaonetse mwana kwa makolo a mlamu, mwamuna wa Wezi. Makolowo amakhala kutali ndi tauni, m'kanyumba kakang'ono, ndiye ife anatipezera malo pahotela yakalekale ya m'mudzi mwawo. Tangoganizani, khanda mchombo usanagwe n'komwe, iwo alikweza kale galimoto! Ndinawanenera njira yonse.

Titafika, mawu anandithera. Munkati, “Towera, lilime lako likanakhala khasu bwenzi titalima mpaka ku Chikomeni.” Tsiku limenelo khasu lanu linagwa pansi. Hotelayo ndi yamatabwa, yoyera, yakale kuposa tchalitchi chathu. Masitepe ake amalira ukaponda, ndipo m'makoma muli zithunzi za anthu amene anagonamo agogo anu asanabadwe. Ukatsika pakhonde, wafika pamadzi. Ndinayesa mtsinje, koma nditalawa anali amchere. Ndi nyanja yaikulu imene inang'amba dziko n'kulowa pakati pa mapiri.

Mapiriwo, amayi! Si zitunda zathu zija zokwera mbuzi. Aima chilili ngati khoma, kuchokera m'madzi mpaka m'mitambo, pamwamba pake pali mbee ndi chisanu. Madzi amagwa kuchokera kumwambako, ataliatali, ena n'kuthera m'mphepo asanafike pansi. Kunadutsa sitima yoti anthu a pamsika wonse wa pa boma angakwanemo, koma pansi pa phirilo inkaoneka ngati khoko la nshawa. Ine amene ndimapeza cholakwa ngakhale pa ulaliki wa Khirisimasi, ndinafunafuna choti ndinyoze, osachipeza.

M'mawa wina mchombo wa mwana unagwa. Wezi anabwera nawo kuchipinda kwanga, ataukulunga m'kansalu, n'kundifunsa chapansipansi kumene tiukwirire. Ndinamuyankha kuti akaukwirire komwe iye anali tsiku limene tinkakuikani m'manda. Anatseka chitseko bwinobwino n'kupita.

Patapita kanthawi ndinatuluka kukaonanso madzi aja. Kuseri kwa hotela ndinamupeza atagwada paudzu wonyowa, munthu woti sanachire n'komwe, akukumba ndi sipuni ya pa tebulo la alendo. Pansi pa udzuwo panali mwala wokhawokha. Ankasuntha, n'kukumbanso, sipuni n'kulira pamwala. Pamwamba pake phiri lija lili njo, iye ali kakang'ono ngati tsiku limene munandibereketsa iyeyo kumbuyo koyamba.

Ndinakumbukira mawu anu, akuti mwana amayenda dziko lonse koma miyendo yake imadziwa kumene kuli mchombo wake. Ndinayang'ana phirilo, ndinayang'ana madzi akuda amene ngakhale eni ake amatchula kuya kwake ndi ulemu, ndipo mantha anandigwira. Dziko lotere likameza mwana sililavula. Wezi linamutenga kale theka, ndipo tsopano ine ndinali kulipatsa mdzukulu wanu yense wathunthu, chifukwa cha mkwiyo wanga.

Ndinamulanda sipuniyo. Kansalu kaja ndinakamanga pangodya ya chitenje changa. Sindinapepese, mukundidziwa, nayenso sanapepese. Anangondigwira pamkono kuti adzuke, ndipo ataima sanandisiye msanga.

Mchombowo wadutsa m'ndege utamangidwa m'chiuno mwanga, wakwera basi ya ku Chipata, wafika. Dzulo azakhali anandionetsa malo kuseri kwa nyumba yanu, pamene munakwirira wanga ndi wa Wezi. Dothi lathu lofiira linatseguka ndi khasu limodzi lokha. Mwanayo dzina lake ndi Lusungu, mphuno ndi yanu, ndipo tsopano ndi wa kuno, kaya mapiri aja afune kaya asafune.

Pamalopo ndizisesa, sipadzamangidwa ngakhale khola la nkhuku. Ndipo Wezi akaimba foni Lamlungu likubwerali, ndikulonjezani, ulendo uno ndiyankha.

Gonani bwino, amayi. Ndimakukondani.

Ine mwana wanu woyamba,
Towera